Kupuma kwake n'kuti? Kusankha pakati pa njira za pranayama

M'Chichewa mawu ake ndi amodzi. Mlimi akagoneka khasu n'kukhala pamthunzi timati akupuma, ndipo mwana akangobadwa, chimene mzamba amayamba kuona n'chakuti kodi akupuma. Anthu a ku India amene anayambitsa yoga, njira yophunzitsira thupi ndi maganizo, sankadziwa Chichewa, koma mfundo yawo pa nkhani ya mpweya ikungokhala ngati anaitola m'mawu athuwa: munthu akasintha kapumidwe, thupi ndi maganizo zimapeza mpumulo. Luso limenelo amalitcha pranayama. Ndi mawu awiri a chinenero cha Sanskrit: prana, mpweya wa moyo, ndi ayama, kutambasula kapena kuwongolera.

Vuto limabwera munthu akati ayambe. Pa YouTube pali njira zambirimbiri, iliyonse ndi dzina lake lopinda lilime, ndipo wophunzitsa aliyense akulonjeza kuti yakeyo ithetsa nkhawa, BP, shuga, mphumu, kusowa tulo ngakhale mimba yotuluka. Koma njirazi si zofanana. Zina zimagoneka thupi, zina zimalidzidzimutsa, ndipo amene wasokoneza ziwirizi akhoza kugona maso ali gwa usiku wonse akudabwa kuti yoga yamulakwira chiyani. Ndinene poyambirira pomwe mbali imene ndili: njira zooneka zozizira, zosachititsa chidwi, ndi zimene zili ndi phindu lodalirika. Zimene zimamveka zamphamvu m'thupi nthawi yomweyo ndi zimene zimafuna kusamala kwambiri.

Maganizo amenewa si anga ndekha. Patanjali, amene anasonkhanitsa ziphunzitso za yoga zaka zoposa 1,500 zapitazo, anaika pranayama pa sitepe yachinayi mwa zisanu ndi zitatu, kutanthauza kuti munthu ayambe wadziwa kukhala pansi bwino asanayambe kusewera ndi mpweya. Buku lina la m'zaka za m'ma 1400, Hatha Yoga Pradipika, lolembedwa ndi Svatmarama, limachenjeza kuti mpweya umawetedwa pang'onopang'ono monga mmene amawetera mkango kapena njovu, apo ayi umapha woweta yemweyo. Awa ndi mawu a eni luso, osati a adani ake.

Muyeso woyerekezera

Tisanayerekeze, gwirani mtsempha wa padzanja pamene anamwino amagwira. Kokani mpweya pang'onopang'ono, kenako muutulutse pang'onopang'ono. Mukamvetsera bwino muona kuti mtima umafulumirako pokoka ndipo umachedwerako potulutsa. Mwa achinyamata kusiyanaku kumamveka msanga, mwa achikulire kumacheperako. Chimachititsa ndi mtsempha wautali wotchedwa vagus, wochoka m'munsi mwa ubongo kutsikira kumtima, m'mapapo ndi m'mimba. Ntchito yake ina ndi kugwira mabuleki a mtima, ndipo mabulekiwo amagwira kwambiri pamene mpweya ukutuluka. Ndiye njira iliyonse imene imachedwetsa kupuma ndi kutalikitsa kutulutsa mpweya ikuponda mabuleki.

Muyeso wachiwiri ndi mpweya uja kusukulu tinauloweza kuti ndi "mpweya woipa", carbon dioxide. Dzinalo linatinamiza pang'ono. Thupi limafuna mlingo wake wa mpweya umenewu m'magazi, ndipo ndi umene umauza ubongo kuti nthawi yopumanso yakwana. Munthu akapuma mofulumira ndi mwamphamvu amautaya mopitirira muyeso, mitsempha yopita ku ubongo imafinyika, ndipo amayamba kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi pamilomo. Okosijeni sawonjezeka kwenikweni, chifukwa mwa munthu wathanzi magazi amakhala atanyamula kale 95 peresenti kapena kuposa ya mlingo umene angathe. Chidebe chodzaza suungachidzazenso.

Mafunso awiri amenewa, kodi njirayi ikuchedwetsa kapena kufulumizitsa kupuma, ndipo kodi ikusunga kapena kutaya mpweya "woipa" uja, ndi okwanira kusanjira njira zonse zimene zili m'munsimu.

Kupuma mochedwa, kwa m'mimba

Iyi ndiyo nsima ya pranayama. Zinazo ndi ndiwo. Munthu wamkulu akakhala chete amapuma pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi imodzi. Cholinga apa ndi kutsika pang'onopang'ono kufika pa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi: masekondi anayi kukoka, asanu ndi limodzi kutulutsa, zonse kudzera m'mphuno, mimba ikufufuma pokoka ndi kuphwa potulutsa. Mapewa asakwere. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamchombo. La pamchombo ndi limene liziyenda kwambiri.

Nambala ya 6 ija sinagwe kumwamba. M'chaka cha 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya BMJ kafukufuku wodabwitsa. Anayeza anthu 23 akupemphera korona m'Chilatini, ndiponso akubwereza mawu opatulika a yoga. Zonse ziwiri zinatsitsa kupuma kwawo kufika pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, popanda wowauza kuti achedwetse. Pa liwiro limenelo kupuma kumagwirizana ndi kafunde kachibadwa ka kuthamanga kwa magazi, kamene kamakwera ndi kutsika pafupifupi masekondi 10 aliwonse, ndipo mphamvu ya thupi yodziwongolera BP inaoneka kuti yakula. Amayi amene amakhala m'tchalitchi madzulo akusinthana "Tikuoneni Maria", mmodzi kuyamba gulu kuyankha, akhala akuchita chinthu chapafupi ndi chimenechi osachitcha dzina lachilendo.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti siisankha munthu kapena malo. Mungaichite m'minibasi, pamzere wa kubanki, pabenchi ya kuchipatala mukudikira zotsatira za magazi, ndipo woyandikana nanu sadziwa. Mayi woyembekezera angaichite, agogo angaichite. Kuipa kwake n'kwakuti imatopetsa maganizo, chifukwa palibe chochitika chooneka. Ambiri amaisiya patatha masiku atatu n'kupita kukafuna ina "yamphamvu". Palinso msampha wina: oyamba kumene amaganiza kuti kupuma mochedwa ndiko kukoka mpweya wambiri mpaka chifuwa kuti tolotolo. Akatero amayamba chizungulire chomwe chija. Mpweya uzilowa mwakachetechete, wongokwanira.

Pali abale ake a njira imeneyi amene mungakumane nawo pa intaneti. Ina amawerenga zinayi zinayi: kukoka, kugwira, kutulutsa, kugwira, ndipo m'yoga dzina lake ndi sama vritti. Ina ndi ya 4-7-8, kuwerenga zinayi pokoka, zisanu ndi ziwiri pogwira, zisanu ndi zitatu potulutsa, imene dokotala wa ku America Andrew Weil anaitchukitsa atatengera ku pranayama. Zonsezi zimachedwetsa kupuma, koma zimalowetsamo kugwira mpweya, ndipo munthu wa nkhawa kwambiri kawirikawiri amamva ngati akubanika akangouzidwa kuti augwire. Kwa ameneyo ndi bwino kungotalikitsa kutulutsa basi.

Ndipo pali ina imene Chichewa chili nayo kale dzina: kuusa moyo. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayerekeza njira zitatu zopumira ndi kusinkhasinkha chete, pa anthu opitirira 100, aliyense mphindi zisanu patsiku kwa masiku 28. Imodzi inali yokoka mpweya m'mphuno, kuwonjezera kakokedwe kena kakafupi pamwamba pake, kenako kuutulutsa wonse pang'onopang'ono pakamwa. Magulu onse anapeza kusintha, koma a kuusa moyowa ndi amene mitima yawo inapepuka kwambiri, ndipo kapumidwe kawo ka tsiku ndi tsiku kanachedwerako. Si njira ya m'mabuku akale a yoga, koma ikutsimikiza mfundo yomwe ija ya kutulutsa motalika. Mwana akalira kwambiri n'kutonthola amachita zimenezi yekha asanagone.

Nadi shodhana: mphuno mosinthanasinthana

Iyi ndi imene imaoneka pazithunzi zambiri, munthu atagwira mphuno ndi dzanja lamanja. Ku India ambiri amaitcha anulom vilom ikachitidwa popanda kugwira mpweya. Mumatseka bowo la kumanja ndi chala chachikulu n'kukoka ndi la kumanzere. Kenako mumatseka la kumanzere ndi chala choyandikana ndi chaching'ono n'kutulutsira kumanja. Mumakokanso ndi kumanja komweko, n'kutulutsira kumanzere. Apo mwazungulira kamodzi.

Aphunzitsi akale amafotokoza kuti m'thupi muli timisewu ta prana totchedwa nadi, ndipo tiwiri tikuluakulu, ida ndi pingala, timathera m'mabowo a mphuno, kumanzere kwa mwezi ndi kuzizira, kumanja kwa dzuwa ndi kutentha. Dokotala wa opaleshoni sangakuonetseni timisewu timeneti. Komabe pali chinthu chenicheni chimene anthu amenewa anachiona: mabowo athu a mphuno sagwira ntchito mofanana nthawi imodzi. Limodzi limatseguka kwambiri pamene linzake latupa pang'ono mkati, ndipo pakapita maola angapo amasinthana. Dokotala wa ku Germany, Richard Kayser, analemba za zimenezi mu 1895. Yesani pompano kutseka bowo limodzi kenako linalo, mwina mupeza kuti limodzi likupita bwino kuposa linzake.

Poyerekeza ndi kupuma mochedwa kwa wamba, kodi nadi shodhana imawonjezera chiyani? M'kuona kwanga, zinthu ziwiri, ndipo zonse n'zapansi pano. Bowo limodzi ndi lopapatiza, ndiye mpweya umachedwa wokha popanda kuwerenga masekondi. Chachiwiri, dzanja ndi maganizo zimakhala ndi ntchito: kumanzere, kumanja, kumanja, kumanzere. Munthu amene mutu wake ukuzungulira pa ngongole ya kubanki ya m'mudzi kapena fizi ya mwana sangathe kuwerengera ngongoleyo ndi kutsata zala nthawi imodzi. N'chifukwa chake kwa anthu a maganizo othamanga ndimaiika patsogolo pa njira yoyamba ija. Zoti imalinganiza mbali ziwiri za ubongo, monga amanenera ena, musazitengere pamtima.

Zofooka zake n'zoonekeratu. Simungaichite pamsonkhano popanda anthu kukuyang'anani. Mkono umatopa pakatha mphindi zingapo, pokhapokha mutatsamiritsa chigongono patebulo. Ndipo mukakhala ndi chimfine, kapena m'miyezi ya fumbi mphuno zikatsekeka, musaikakamize. Kukoka mwamphamvu pa bowo lotseka kumangobweretsa phuma, chimene ndi chosiyana ndi chimene mwakhalira pansi.

Bhramari: kulira kwa bemberezi

Dzinali likuchokera ku njuchi yaikulu yakuda ya ku India, mbale wake wa bemberezi uja amaboola mitengo ya denga. Mumakoka mpweya m'mphuno, n'kuutulutsa mukung'ung'udza milomo ili yotseka, mmmm, mpaka mpweya utatsala pang'ono kutha. Ambiri amatseka makutu ndi zala kuti phokosolo lidzaze m'mutu. Kasanu mpaka kakhumi n'kokwanira.

Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikonda, ndipo ndi imene anthu amachita nayo manyazi kwambiri. Kung'ung'udza kumatalikitsa kutulutsa mpweya mosavutikira: munthu amene sangathe kufika masekondi asanu ndi limodzi powerenga amapezeka wafika khumi akung'ung'udza. Khutu limakuuzani ngati mpweya ukutuluka mosalala, chifukwa mawu akayamba kunjenjemera ndiye kuti mwakakamiza. Ana amaigwira msanga kuposa akulu. Mayi amene amang'ung'udza nyimbo ali ndi mwana kumbuyo amadzitonthoza yekha pamodzi ndi mwanayo.

Palinso kanthu kena kochititsa chidwi. Mu 2002 Eddie Weitzberg ndi Jon Lundberg a ku yunivesite ya zachipatala ya Karolinska ku Sweden anapeza kuti munthu akamang'ung'udza, mpweya wotchedwa nitric oxide wotuluka m'mphuno umachuluka pafupifupi maulendo 15 kuposa akamatulutsa mwakachetechete. Mpweya umenewu umapangidwa m'timphanga ta m'mafupa a nkhope, ndipo kunjenjemera kwa mawu kumaututumutsa kuti utuluke. Anayeza anthu khumi okha, ndipo chimene anasonyeza ndi chakuti timphangato timapitidwa mphepo. Amene amatenga kafukufukuyu n'kumalengeza kuti bhramari imapha tizilombo ta matenda akuwonjezera zawo.

Choletsa chake chachikulu ndi malo. M'nyumba ya lendi ya zipinda zogundana, anzanu a khomo linalo akhoza kufunsa m'mawa ngati kunali mapemphero. Amene ali ndi khutu lopweteka kapena lotuluka mafinya asatseke makutu. Ngati vuto lanu ndi tulo, pakati pa nadi shodhana ndi bhramari ndingasankhe bhramari, chifukwa mutha kuichita mutagona chagada, nyali itazimitsidwa, popanda kukweza mkono.

Ziwiri zongodutsa: ujjayi ndi sitali

Ujjayi ndi kupuma m'mphuno mutafinya kummero pang'ono, kuti pazimveka kaphokoso konga mafunde akutali, kapena ngati munthu amene watsala pang'ono kuyamba mkonono. Inatchuka kwambiri kudzera m'yoga ya mayendedwe imene K. Pattabhi Jois ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore ku India, kumene ophunzira amapuma motero nthawi yonse akusintha kaimidwe ka thupi. Pamenepo ndi pamene ili ndi ntchito: imathandiza kuti mpweya usathamange pamene thupi likugwira ntchito. Pongokhala pansi sindiona chimene imaposa nacho zitatu zapamwambazi, ndipo oyamba kumene amafinya kwambiri mpaka kummero kuuma.

Sitali ndi yokoka mpweya pakamwa kudzera pa lilime lopindidwa ngati kachitoliro, n'kutulutsira m'mphuno. Amene lilime lawo silipindika, ndipo alipo ambiri, amakokera pakati pa mano, njira yotchedwa sitkari. Malovu akamauma ndi mpweya wodutsawo mkamwa mumazizira, ndipo m'dzuwa la Okutobala zimenezo zimakoma. Koma kuzizira kwa mkamwa si kuzizira kwa thupi lonse, ndipo sikulowa m'malo mwa madzi akumwa ndi mthunzi. Mpweya wolowera pakamwa sunasefedwe ndiponso sunafunditsidwe ndi mphuno, choncho wa mphumu aipewe, makamaka nyengo ya chiperoni kapena pamalo a fumbi.

Kapalabhati ndi bhastrika: za mvukuto

Tafika pa zimene zimakopa anthu. Kapalabhati, kutanthauza "kuwalitsa chigaza", ndi kutulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu ndi mofulumira pokankha mimba mkati, fu, fu, fu, kamodzi kapena kawiri pa sekondi, mpweya wolowa uzingobwera wokha mimba ikamasuka. Bhastrika ndi mvukuto weniweni, monga dzina lake likunenera: kukoka ndi kutulutsa, zonse mwamphamvu, ngati wosula akukoleza makala. Chodabwitsa n'chakuti buku lakale lija la Hatha Yoga Pradipika silinaike kapalabhati m'gulu la pranayama. Linaiika pa ntchito zisanu ndi imodzi zoyeretsa thupi, pamodzi ndi kutsuka m'mphuno. Inali ngati kusesa pabwalo ntchito isanayambe.

Masiku ano ku India kapalabhati ndi yotchuka kwambiri, makamaka chifukwa cha mphunzitsi wa yoga Baba Ramdev, amene kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 ankaiphunzitsa pa TV m'mamawa kwa anthu mamiliyoni. Ndi kutchukako kunabwera malonjezo a machiritso a matenda osiyanasiyana. N'koyenera kukumbukira kuti mu 2024 Khoti Lalikulu la India linachititsa Ramdev ndi kampani ya Patanjali Ayurved kupepesa poyera chifukwa cha malonda osocheretsa a mankhwala awo. Mlanduwo unali wa mankhwala, osati wa kupuma, koma umatiphunzitsa kuchepetsako mchere pa zimene zimalonjezedwa pa TV.

Chimene njirazi zimachitadi ndi ichi: zimadzutsa. Mtima umafulumira, thupi limafunda, tulo timathawa, minofu ya pamimba imagwira ntchito, ndipo mamina amene anali m'mphuno amatuluka, choncho khalani ndi kansalu pafupi. M'mamawa wa Juni, munthu wathanzi amene mutu wake ukulemera angapindule ndi maulendo awiri kapena atatu otulutsa mpweya kuti fu ka 20 kapena 30, akupuma bwinobwino pakati pake. Ngakhale m'kafukufuku wa ku Stanford uja, gulu limene linkapuma mofulumira nalonso linanena kuti mitima yawo inapepukako, ndiye sindinganene kuti n'zopanda pake.

Koma kupepuka kwa mutu kumene anthu amakutamanda, kunyerenyesa kwa m'zala, kuona ngati kuwala, si umboni wakuti ubongo wadzaza okosijeni. Ndi chizindikiro chakuti mpweya "woipa" uja watayika kwambiri ndipo magazi opita ku ubongo achepa. Kumverera kwamphamvu si phindu lamphamvu. Ndipo kwa munthu amene amagwidwa ndi mantha adzidzidzi, mtima kugunda, manja kuzizira, kumva ngati akufa, zizindikiro zimenezi ndi zomwezo za vuto lakelo, ndipo njirayi ikhoza kuliyambitsa.

Mndandanda wa oyenera kuzipewa ndi wautali, ndipo ndi umene umazigwetsa pa mpikisano uno: amayi oyembekezera, a BP yokwera, a matenda a mtima, amene anachitapo sitiroko, a khunyu, amene achitidwa opaleshoni ya pamimba kapena pachifuwa posachedwa, a zilonda za m'mimba, a matenda a maso otchedwa glaucoma, ndi aliyense amene mapapo ake anavulazidwa ndi TB kapena fodya. Mu 2004 magazini ya madokotala a chifuwa yotchedwa Chest inalemba za mayi wa zaka 29, wathanzi, amene papo lake linaphwa atachita kapalabhati. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma sindinazimvepo kwa munthu wong'ung'udza. Tikumbukenso kuti kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti ku Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Amene sanayezetse BP chaka chino sakudziwa ngati ali pamndandandawu kapena ayi.

Kumbhaka: kugwira mpweya

Kwa eni yoga akale, apa ndi pamene panali mtima wa nkhani yonse. Kumbhaka ikuchokera ku mawu otanthauza mtsuko: chifuwa chidzaze, chitsekedwe. Muyeso wotchuka ndi 1:4:2, kutanthauza kuti mukakoka masekondi anayi, mugwira 16, n'kutulutsa asanu ndi atatu. Cholinga chawo sichinali kutsitsa BP koma kuimitsa maganizo kuti munthu alowe m'kusinkhasinkha kwakuya, ndipo ankaphunzira kwa zaka, mphunzitsi ali pambali. Mphunzitsi wa yoga B.K.S. Iyengar wa ku Pune ku India, amene ali mwana anadwala malungo, typhoid ndi TB koma n'kudzafika zaka 95, ankaumirira kuti wophunzira asathamangire kugwira mpweya kupuma kwake kusanakhazikike.

Kwa munthu wongofuna mtendere wa mumtima ndi tulo, kugwira mpweya nthawi yaitali n'kugula galimoto yampikisano kuti uzipitira kuchigayo. Kaimidwe kakafupi ka sekondi imodzi kapena ziwiri, kobwera kokha, n'kabwino. Chinthu chimodzi chokha ndichinene mwamphamvu, makamaka kwa anyamata a m'mbali mwa nyanja ndi m'maiwe osambira: musapume mofulumira kenako n'kumira kuti muone amene akhalitse pansi. Kupuma mofulumirako kumachotsa mpweya umene umachenjeza ubongo kuti nthawi yovuuka yakwana, ndiye okosijeni amatha belu lisanalire, ndipo munthu amakomoka ali m'madzi osamva kubanika. Akatswiri osambira amwalirapo motero. N'chimodzimodzi poyendetsa galimoto kapena njinga: kapalabhati, bhastrika ndi kumbhaka n'za munthu amene wakhala pansi.

Nanga za chipembedzo?

Funsoli limabwera nthawi zonse, ndipo si lopusa. Pranayama inabadwira m'zipembedzo za ku India, ndipo kwa ambiri kumeneko ikadali mbali ya kupembedza. Palinso mbiri ina yoyambira mu 1924, pamene Swami Kuvalayananda anatsegula malo otchedwa Kaivalyadhama ku Lonavla, ku India komweko, n'kuyamba kuyeza yoga ndi zipangizo za sayansi, kuti aone chimene imachita m'thupi la munthu aliyense. Mtsempha wa vagus uli mwa Mkhristu, Msilamu ndi Mhindu mofanana. Amene chikumbumtima chake sichilola mawu opatulika a yoga monga Om sataya kalikonse powasiya: angawerenge manambala, angang'ung'udze nyimbo ya kwaya, angagwirizanitse kupuma ndi pemphero lake. Amene sakufuna n'komwe dzina la yoga atha kutenga njira yoyamba ija, imene madokotala olimbitsa mafupa ndi mapapo amaphunzitsanso m'zipatala popanda dzina lachilendo.

Malire a zonsezi

Pa mphumu, mu 2016 bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, linasanthula kafukufuku 15 wokhudza anthu 1,048, n'kupeza kuti yoga imapepuzako zizindikiro ndi kukometsako moyo wa odwala pang'ono, koma panalibe umboni wolimba wakuti imakonza mapapo kapena kuchepetsa kufunika kwa mankhwala. Chifuwa chikathina, chofunika ndi kampope kanu ka mankhwala a mphumu, osati kuwerenga masekondi. Pa BP, kupuma mochedwa tsiku ndi tsiku kumatsitsako pang'ono, mlingo wothandiza koma wosakwanira kuti munthu asiye mapiritsi amene adokotala anamupatsa. Chifuwa chimene chatha milungu iwiri, makamaka chobwera ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, n'chokayezetsa makhololo. Ndipo nkhawa imene yafika poletsa munthu kudya, kugwira ntchito kapena kufuna kukhala ndi moyo imafuna munthu woti mulankhule naye, osati mphuno yokha.

Malo nawonso ndi nkhani. Kukhala pafupi ndi mbaula kapena m'khitchini ya utsi n'kumakoka mpweya mosamalitsa n'kudzithira utsi m'mapapo mwaulemu. Khonde m'mamawa moto usanakolezedwe ndi labwino. Mimba ikhale yopepuka, osati mutangotsiriza mitanda itatu ya nsima; pa kapalabhati dikirani maola atatu kapena anayi. Kukhala mopinda miyendo ngati pazithunzi si lamulo. Mpando wa kuchipinda chodyera ukukwanira, bola msana uwongoke ndipo lamba amasulidwe.

Ndikanati ndiyambenso lero, ndikanatenga mlungu woyamba kungowerenga kuti ndimapuma kangati pa mphindi, kenako n'kuchita mphindi zisanu za anayi kukoka, asanu ndi limodzi kutulutsa, m'mawa ndi madzulo, kwa mwezi wathunthu. Nadi shodhana ndikanaiwonjezera masiku amene mutu ukukana kukhala pamodzi, bhramari pogona. Choyezera chake ndi mpweya wotsatira: ngati mwatulutsa ndipo wotsatirawo mukuukoka mwaphuma ngati wovuuka m'madzi, mwatalikitsa. Chotsani sekondi imodzi, muyambirenso.